Dongo Logwira Poizoni wa Zitsulo M'madzi

Pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linaphulika. Madzi a asidi osakanikirana ndi zitsulo anasefukira mumtsinje wa Mwambashi n'kukathira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'madimba zinapserera, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo.

Amayi ambiri tikamva za madzi oipa timathamangira kuwiritsa kapena kuthira klorini. Zimenezi zimapha tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba, ndipo tisasiye. Koma mtovu, cadmium, mercury ndi arsenic si zamoyo kuti zife. Mukawiritsa, madzi ena amatha ngati nthunzi pomwe mtovu umatsala wonse mumphikamo. Suoneka, sununkha. Bungwe la WHO limati pa lita imodzi ya madzi akumwa, mtovu usapose mamaikulogalamu 10, ndiko kuti galamu imodzi mutaigawa magawo 100,000 n'kutengapo limodzi. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo mwa mayi woyembekezera umadutsa n'kukafika kwa khanda.

Apa ndi pamene akatswiri atembenukira ku dongo. Lomwe amalikonda ndi bentonite, lochokera ku phulusa lakale la mapiri ophulika. Lili ndi timapepala topyapyala tosanjikizana, tosaoneka ndi maso, tokhala ndi mphamvu yokoka ngati maginito. Mtovu, mkuwa ndi cadmium zikamadutsa zimakanirira pa timapepalati, dongolo n'kutulutsa sodium kapena calcium m'malo mwake.

Lokha chonchi limagwira, koma pali malire, n'chifukwa chake amalikonza ndi mankhwala. Ena amalitsuka ndi asidi kuti timabowo take titseguke, malo ogwirira achuluke. Ena amalowetsa aluminiyamu kapena chitsulo pakati pa timapepala tija, kukhala ngati miyendo ya nkhokwe yosiya mpata kunsi kuti madzi adutse. Arsenic ndiye wovuta: m'madzi amakhala m'njira yoti dongo wamba silimugwira bwino. Kuti agwidwe, dongolo amalikuta ndi dzimbiri la chitsulo kapena mankhwala ofanana ndi sopo amene amasintha kakokedwe kake. Komanso madzi akakhala ndi asidi wambiri, dongo limalephera kugwira mtovu, choncho asidiyo amayamba wachepetsedwa. Ku Kafue boma linamwaza laimu mumtsinje, ena kuchokera m'ndege, pofuna kuthana ndi asidi yemweyu.

Ubwino wake ndi woti dongo ndi lotchipa ndipo limapezeka m'mayiko ambiri. Komabe ntchito yaikulu ikadali m'malabotale ndi m'malo oyeretsera madzi a m'mafakitale. Si yapakhomo ayi. Dongo la kudambo lomwe timaumbira mbiya silinakonzedwe motere, ndipo zosefera zadothi zogulitsidwa zinapangidwira tizilombo, osati zitsulo. Palinso funso limene ndimaona kuti silifunsidwa mokwanira: dongo likakhuta mtovu, lipite kuti? Likatayidwa kudzala, poizoniyo abwerera m'nthaka ndi m'chitsime.

Mphamvu yogwira zitsuloyi ikutikhudza kwina kumene sitiganizira. Amayi oyembekezera ambiri amalakalaka dothi. Dothi lina limakhala litagwira kale mtovu kapena arsenic komwe linakumbidwa, ndipo m'mimba lingagwirenso ayironi wa m'zakudya, magazi n'kumachepa. Chilakolakochi chitchuleni kusikelo kuti akuyezeni magazi.

Nanga madzi? Ngati chitsime kapena mjigo wanu uli pafupi ndi pokumba golide, pomwe ena amagwiritsa ntchito mercury, kapena pophwanyira mabatire akale a galimoto, gulu lanu lipite limodzi kwa mlangizi wa zaumoyo ndi ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu. Mukapemphe kuti madziwo ayezedwe zitsulo, ndipo mutchule mawu amenewa, chifukwa kuyeza tizilombo ndi kuyeza mtovu ndi ntchito ziwiri zosiyana.