Zolemba za Oyendera Mishoni ndi Mbiri ya ku Guilleme

Parishi ya Guilleme m'boma la Mchinji idatsegulidwa m'chaka cha 1935 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo idatenga dzina la episkopi Mathurin Guillemé, yemwe adatsogolera Mpingo wa Katolika m'chigawo cha Nyasa kuyambira 1911 mpaka 1934. Monga mishoni zina za chipanichi, kuphatikizapo ya Kachebere yomwe idayamba mu 1903, Guilleme inkalandira akuluakulu oyendera ntchito, popeza malamulo a mpingo a 1917 ankalamula episkopi kuyendera dera lake lonse zisanathe zaka 5.

Woyendera sankangopereka ulimbitso, koma ankafunsanso mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a omwalira, kuwerenga ana a m'masukulu a m'midzi pamodzi ndi aphunzitsi awo, ndiponso kuona buku la mabanja lotchedwa status animarum, momwe wansembe ankalemba mkhristu aliyense, mudzi wake ndi mmene akukhalira pa chikhristu. Buku lomalizali ndi limene lili ndi phindu lalikulu kwa wolemba mbiri, chifukwa pamene wansembe ankafotokoza chimene chalepheretsa munthu kulandira masakramenti, ankalembanso mosafuna mbiri ya mudzi wonse: mwamuna amene adapita ku Salisbury kapena ku migodi ya Johannesburg osabwerako, mkazi amene adatopa kudikira nakwatiwanso, ndi banja limene lidasamukira kutsidya kwa malire, ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Boma la atsamunda ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji, linkawerenga anthu chifukwa cha msonkho, pamene mpingo unkatsata munthu kuchokera pa ubatizo mpaka ku manda.

Komabe zolemba zotere ziyenera kuwerengedwa mochenjera, pakuti gule wamkulu amaonekamo ngati mdani wa sukulu basi, ndipo akatekisiti, omwe ankasenza ntchito yambiri, kawirikawiri amangokhala chiwerengero. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa, adasonyeza kuti madandaulo a ansembe okhudza nyau ndi umboni wa mmene mafumu ankatetezera ulamuliro wawo. Vuto lina ndi lakuti malipoti ambiri adalembedwa m'Chifalansa ndipo amasungidwa kulikulu la chipanichi ku Rome, kotero wofufuza wa ku Mchinji amayamba ndi mabuku a kuparishi, kenaka nkufunsa nkhalamba za m'midzi yotchulidwamo.