Kodi Mumadziwa? Kuyeza Kakulidwe ka Mwana wa Kumudzi

Njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT inakonzedwa ku Malawi kuno ndipo inafalitsidwa mu 2010. Ili ndi zoyesa 136 za ana akhanda mpaka a zaka 6, m'magawo anayi: kuyenda ndi kudumpha, luso la zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anzake. Njira zakunja zinkafunsa zinthu zachilendo kwa mwana wa kumudzi, motero ankaoneka ngati wotsalira.

Ubongo umakula mofulumira kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira. Kupinimbira ndi malungo a mu ubongo zimafooketsa nzeru zofunika kusukulu. Pa kafukufuku wina ku Jamaica, ana opinimbira amene ankayenderedwa pakhomo ndi kuseweretsedwa mlungu uliwonse ankapeza ndalama zoposa anzawo opinimbira amene sankayenderedwa ndi 25 peresenti patatha zaka 20. Vuto likadziwika msanga, thandizo limaphula kanthu.