Anyezi wa Timitu M'chigwa cha Henga

Munthu wofika pa msika wa pa boma la Rumphi m'mwezi wa Seputembala amapeza anyezi ali mbwee, ogulitsa akuchita kunyengerera ogula. Munthu yemweyo akabweranso mu Epulo kapena Meyi amapeza milu itachepa ndipo mtengo utakwera. Chifukwa chake sichisowa. Alimi ambiri a m'chigwa cha Henga ndi a ku Bolero amafesa njere pa nazale mvula ikamapita kumapeto, amawokera mbande nthawi imodzi, nakololanso nthawi imodzi. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, ntchito isanapezeke, angathe kulowa pa mpata umenewu ngati ali ndi kadimba ndi madzi pafupi, ndiponso ngati aphunzira kubzala timitu m'malo mwa mbande.

Timitu ndi tianyezi tating'ono, tofanana ndi nsonga ya chala, timene tinazulidwa tisanakule, n'kuumitsidwa, n'kusungidwa. Kamutu kotere kali ndi chakudya chake m'kati, choncho kakaikidwa m'nthaka yonyowa kamaphuka msanga, ndipo kamapirira mvula yamkuntho imene imagwetsa mbande zanthete.

Koma si anyezi aliyense angabzalidwe chotero kuno. Ku Roscoff, m'dziko la France, kuli anyezi wofiirira wotchuka kwambiri, amene kuyambira 1828 amuna akumeneko ankawoloka naye nyanja kukagulitsa khomo ndi khomo ku Britain. Wina akhoza kukopeka ndi mbiri yotereyi napempha mbale wake wa kunja kuti amutumizire timitu. Adzalira. Anyezi amayamba kuika mutu pokhapokha usana ukafika kutalika kumene mtundu wake umafuna, ndipo mitundu ya kumpoto kwa Ulaya imafuna maola 14 kapena kuposerapo. Boma la Rumphi lili pafupi madigiri 11 kumwera kwa Equator, ndipo usana wake sufika maola 13 ngakhale mu Disembala. Anyezi wa ku Ulaya amangochita masamba, mutu osaoneka. Mphunzitsi wa jogalafe amene amavutika kufotokozera ana za kutalika kwa usana ali ndi chitsanzo chabwino pamenepa. Mtundu woyenera kuno ndi wa usana waufupi, monga Red Creole, wa khungu lofiirira ndi fungo lamphamvu, umene alimi a m'dziko muno anauzolowera kale.

Tsono timitu mlimi ayenera kudzikonzera yekha. Mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala afese njere mothithikana pa bedi lopanda manyowa ambiri, pakuti cholinga chake n'chakuti mbewuzo zilimbirane chakudya, zisakule. Iyi ndi nyengo imene anthu a ku Rumphi amakhala otanganidwa ndi nazale za fodya, ndipo kheni imodzi imalimbiranidwa. Mwayi wake ngwakuti bedi la timitu ndi laling'ono. Pakatha masabata 10 kapena 12, timitu tikaoneka, achepetse kuthirira, kenaka aleke. Masamba akafota azule mvula yoyamba isanagwe, ayanike pa mthunzi.

Pamene ambiri amagwa ndi posunga. Timitu tiyenera kudikira miyezi itatu ya dzinja, nthawi imene chinyezi chimalowa paliponse. Totsekeredwa m'thumba la pulasitiki kapena m'chidebe timawola tisanafike Khirisimasi. Malo ake ndi pa kathandala ka bango kapena ka nsungwi, pansi pa denga losadontha, pamene mphepo ikupita, toyalidwa mosasanjikiza. Sabata iliyonse mwini wake azitembenuza ndi kutaya tofewa, popeza kamodzi kowola kamawoletsa tinzake. Ntchitoyi njotopetsa chifukwa sionetsa phindu tsiku lomwelo, ndipo achinyamata ambiri amaiiwala akayamba kupalira chimanga.

Posankha tobzala, maso amanyenga. Kamutu kakakulu kamaoneka ngati ndiko kabwino, koma kopitirira masentimita awiri ndi theka m'mimba mwake kamafulumira kutulutsa phesi la maluwa kakamva kuzizira kumene kumatsika kuchokera ku Nyika nyengo yachisanu ikamayamba, ndipo anyezi wamaluwa amakhala ndi mtima wolimba umene ogula saufuna. Totero tipite kukhitchini.

Kubzala kuchitike chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, pa bedi lokwezedwa la mita imodzi m'lifupi, lothiridwa manyowa owolerana bwino. Ndowe yaiwisi imawoletsa mitu. Mizere italikirane masentimita 25, ndipo timitu titalikirane masentimita 10, mizu pansi, kansonga kakungosuzumira kunja. Nkhuku zimakonda kufukula timitu tobzalidwa kumene, choncho mpanda ukhale utamangidwa kale. Mizu ya anyezi siipita pansi kwambiri, motero udzu uzulidwe ndi manja, ndipo mvula ikaleka bedi lizithiriridwa pang'ono koma kawirikawiri. Masamba akayamba kuoneka otuwa ngati awazidwa phulusa, ndiye kuti muli tizilombo tating'onoting'ono toyamwa madzi, timene timabisala pakati pa masamba; mlangizi wa zaulimi wa m'deralo ndiye woyenera kufunsidwa za mankhwala ake.

Patapita miyezi itatu, chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, makosi amafewa ndipo masamba amagwa. Pamenepo anyezi wa mbande akadali wobiriwira m'madimba a anzake. Anyezi wa timitu sasungika nthawi yaitali ngati wa mbande, ndipo ena amatuluka mitu iwiriiwiri. Choncho akauma masiku ochepa pa mthunzi amangidwe m'mitolo, wina atsale wa ndiwo za pakhomo, wotsalayo apite ku msika wa pa boma kapena m'mbali mwa msewu wa M1 pa Phwezi sabata yomweyo.