Sitima yomwe inadzuka kumanda a zitsulo

M'chaka cha 1974, gulu la anthu ku Britain linasonkherana ndalama n'kukagula mutu wa sitima ya malasha pamalo ogula zitsulo zakutha m'tauni ya Barry, ku Wales. Chomwe anagulacho chinali chomvetsa chisoni. Dzimbiri linali litadya paliponse, zida zambiri zinali zitazulidwa, ndipo masilinda awiri akunja, momwe nthunzi imakankhira mapisitoni kuti mawilo azungulire, kunalibe. Ambiri atamva kuti anthuwa akufuna injiniyo idzayendenso, anangoti awa ndi maloto a chumba.

Koma mu 1986 injiniyo inafuka utsi n'kuyenda yokha pa njanji. Chondichititsa chidwi ine n'chakuti itadzuka, inayamba kugwira ntchito bwino kuposa momwe inkachitira ili yatsopano.

Dzina lake ndi Duke of Gloucester, nambala 71000. Inapangidwa ku Crewe mu 1954, ndipo ya mtundu wake inali yokhayo. Inabwera kudzalowa m'malo mwa injini ina yomwe inaphwanyikiratu pa ngozi ya ku Harrow mu 1952, pomwe anthu 112 anamwalira. Akuluakulu a njanji ankayembekeza zambiri, koma madalaivala ndi osonkhezera moto sanachedwe kuida. Inkadya malasha ngati ilibe mawa, nthunzi n'kumatulutsa yochepa. Kumbukirani kuti pa sitima zotere malasha amaponyedwa m'ng'anjo ndi munthu, pa fosholo, ulendo wonse. Injini ikakhala yadyera, wovutika ndi msana wa munthuyo. Mu 1962, itangogwira ntchito zaka 8 zokha, anaipumitsa. Silinda imodzi anaitenga kukaionetsa ku Science Museum ku London, inzake anaichotsanso, chotsalacho n'kugulitsa ngati zitsulo.

Mwayi wake unali wakuti inakathera m'manja mwa Dai Woodham. Bamboyu anali wabizinesi basi, ntchito yake kudula zitsulo n'kugulitsa. Nthawi imeneyo British Railways inali pa kalikiliki kuchotsa sitima za malasha kuti kubwere za dizilo ndi magetsi, ndipo inamaliza ntchitoyi mu August 1968. Kampani ya Woodham inagula injini 297. Koma inkagulanso mabogi akale ambirimbiri, omwe anali osavuta kudula ndipo ndalama zake zinkabwera msanga. Choncho injini zija anangozindandalika pafupi ndi nyanja, kuti adzazidula mabogi akadzatha. Mabogi sanathe msanga. Anthu okonda sitima anapezerapo mpata, n'kuyamba kugula imodziimodzi. Yoyamba inachoka mu 1968, yomaliza mu 1990, ndipo zonse pamodzi zinapulumuka injini 213.

Mwina mukufunsa kuti munthu akagula chimutu cha sitima amakachiika kuti. Ku Britain kuli njanji zambiri zakale zomwe zinatsekedwa, kenako anthu ongodzipereka anazitenga n'kumayendetsapo sitima zakale, kunyamula alendo olipira tikiti. Oyamba kuchita zimenezi anali a Talyllyn Railway ku Wales mu 1951. Pa njanji zoterezi, amene akugulitsa matikiti Loweruka mwina ndi mphunzitsi, amene wadetsedwa ndi girizi pansi pa injini mwina ndi namwino kapena gogo wopuma pa ntchito. Duke anaitengera pa njanji ya mtundu umenewu, Great Central Railway ku Loughborough.

Timavidiyo ta pa TikTok ndi YouTube timatinamiza pang'ono pa nkhaniyi. Mumasekondi 30 timaona chitsulo chadzimbiri, kenako penti wobiriwira waphuliphuli, nyimbo n'kulira. Chikomekome cha mkuyu. Penti ndi ntchito yomalizira komanso yophweka pa zonse. Pomwe pagona nkhani ndi pa boila, chithanki chachitali chija chomwe chimatenga pafupifupi thupi lonse la injini.

Kumbuyo kwa boila kuli ng'anjo, yozunguliridwa ndi madzi. Moto ukayaka, mpweya wotentha umadutsa m'mapaipi ambirimbiri omwe ali m'kati mwa madziwo, mpaka kukatulukira ku chumuni kutsogolo. Madzi amawira, nthunzi imasowa kothawira, ndipo mphamvu imeneyo ndiyo imakankha mapisitoni. Teyala la galimoto yaing'ono timalipopa pafupifupi 30 psi. Boila ya Duke imagwira ntchito pa 250 psi, ili ndi madzi otentha kuposa owira m'poto. Itang'ambika, palibe amene ali pafupi angatsale.

N'chifukwa chake okonza amaphwasula chilichonse. Boila amainyamula ndi kireni kuichotsa pa mawilo. Mapaipi onse amazulidwa. Makoma a ng'anjo amayezedwa kuti aone ngati sanapyapyale. Pali timitengo tachitsulo mazanamazana tomwe timagwira khoma la m'kati la ng'anjo ndi lakunja kuti asatukumuke, ndipo woyendera amatigogoda ndi hamala kamodzikamodzi, khutu lili tcheru. Zili ngati mmene amayi amagogodera mtsuko pamsika asanagule: wang'alu umadziwika ndi kalilidwe. Zonse zikatha, boila amaidzaza madzi ozizira n'kuwapopa kupitirira mlingo womwe imagwirira ntchito. Amayamba ndi madzi dala, chifukwa pakakhala pofooka amangodontha, pamene nthunzi ikanaphulika. Ikapambana pamenepo ndi pomwe amayatsa moto.

Kwa Duke ntchito inali yoposa apa, chifukwa zida zina panalibe n'komwe. Palibe sitolo yomwe ungalowe n'kunena kuti ndipatseni silinda ya 71000. Anachita kupanga masilinda atsopano ndi zida zotsegula ndi kutseka njira za nthunzi, za mtundu wa Caprotti.

Ali mkati moyeza ndi kuyerekeza, anatulukira chomwe chinkavutitsa injiniyi kuyambira 1954. Chumuni chinali chaching'ono poyerekeza ndi injini zina za msinkhu wake, ndipo mipata yolowera mpweya kunsi kwa moto inali yochepa. Aliyense amene anaphikirapo pa mbaula yoboola mabowo ochepa wamva kale vutoli. Uthire makala abwino bwanji, ukupize mpaka mkono kuwawa, moto umangonyeka mwaulesi. Duke inali mbaula yotero. Okonzawo anapanga chiwaya cha phulusa chatsopano cholowa mpweya wokwanira, n'kuika njira yotulutsira utsi yotchedwa Kylchap, yomwe a kampani ya Caprotti analangiza pachiyambi pomwe koma sanamveredwe. Itabwerera pa njanji, injini yomwe ankainyoza ija inayamba kukwera zitunda ikukoka mabogi olemera, anthu kukamwa yasa.

Apa ndi pomwe ine ndimaona phindu lenileni la kudzutsa makina akale. Duke ikanangopentedwa n'kuikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, mbiri yake ikanatsala yomweyo, yakuti inali injini yolephera. Chilungamo chake chinadziwika chifukwa anthu anaiphwasula ndi manja, n'kuyatsamo moto.

Ndipo ntchitoyi ilibe tsiku loti tamaliza. Ku Britain boila imaloledwa kugwira ntchito zaka pafupifupi 10, kenako iyenera kuphwasulidwanso. Nayo Duke inadzakhalanso zaka zambiri ili zidutswazidutswa ku Tyseley, mumzinda wa Birmingham. Ndalama zake si zamasewera. Flying Scotsman, injini yotchuka kwambiri ya mu 1923, inatha zaka 10 ikukonzedwa ndipo inadya mapaundi oposa 4 miliyoni isanabwerere pa njanji mu 2016. Koma kuphwasula kobwerezabwereza komweku ndi kumene kumasunga luso. Pa zaka 10 zilizonse pamafunika munthu wodziwa kukhoma mariveti otentha, wodziwa kumva kalilidwe ka chitsulo, ndipo wachikulire amakakamizika kuphunzitsa wachinyamata. Injini yongoima pa simenti siphunzitsa munthu chilichonse mwa izi.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Injini zake ziwiri zoyambirira, Thistle ndi Shamrock, zinapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford, ku Britain komweko. Thistle inasungidwa pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ku Chichiri Museum. Ambiri a ife tinajambulitsapo pa injini za pa Chichiri tili pa ulendo wa sukulu, osafunsa n'komwe kuti zinkayenda bwanji. Anzathu a ku Zambia anapita patali. Ku Livingstone kuli Royal Livingstone Express, sitima ya alendo yokokedwa ndi injini za malasha za m'zaka za m'ma 1920, ndipo njanji yawo ndi yofanana m'lifupi ndi yathu, mamilimita 1,067.

Ndikudziwa chomwe wina anene mu makomenti: aise, anthu akugona ndi njala, zipatala zilibe mankhwala, iwe ukukamba za sitima ya atsamunda? Funso labwino ndithu. Sindikunena kuti boma lichotse ndalama ku mankhwala kuti Shamrock ifuke utsi. Ngakhale injini za ku Barry zinapulumutsidwa ndi timagulu ta anthu wamba, kusonkherana pang'onopang'ono ngati chipereganyu. Za atsamundazo n'zoona, njanji inamangidwa kuti itulutse katundu wawo. Koma amene anakumba nthaka, kusenza zitsulo, kuponya malasha m'ng'anjo pa kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, anali agogo athu. Mbiri imeneyo ndi yathu, ndipo ambiri mwa iwo maina awo sanalembedwe pena paliponse.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Chitsulo chimadikira, Duke inakhala zaka pa mphepo ya mchere ya ku Barry koma inadzuka. Munthu sadikira. Amene anagwirapo ntchito pa sitima za malasha za Nyasaland Railways ndi Malawi Railways, omwe akadali moyo ndi okalamba kwambiri tsopano. Iwo ndi amene akudziwa kuti moto ankauyatsa nthawi yanji kuti sitima inyamuke m'mawa, madzi ankamwetsa pa masiteshoni ati, chitunda chovuta chinali chiti pochokera kuchigwa kukwera ku Limbe. Akapita, zonsezi zapita nawo.

Kukonza boila n'kodula, koma kujambula mawu a gogo pa foni sikufuna ngakhale bandulo. Ngati kwanu ku Limbe, ku Luchenza, ku Balaka kapena ku Salima kuli wachikulire amene anagwirapo ntchito ku njanji, khalani naye pansi sabata ino. Mufunseni ankagwira ntchito yanji, pa injini iti, ndani anamuphunzitsa. Musunge bwino zomwe anenezo, ndipo a ku Chichiri Museum muwadziwitse kuti muli nazo. Tsiku lina pakadzapezeka achinyamata ofuna kuyatsa moto mu injini yathu yakale, adzayambira pa mawu amenewo.