TUZILOMBO TWAPHUNZILA KULAVULA MANKHWALA

M'makomboni ambili, munthu akamva m'mimba kapena mkodzo ukamawawa, amathamangila pa kantemba kukagula makapisozi awili kapena atatu. Akamvako bwino, nkhani yatha. Koma mcitidwe umenewu ndi umodzi mwa zimene zipangitsa kuti mankhwala aleke kugwila nchito.

Kacilombo ka bakiteliya kali na cikopa cocingila thupi lake. Pa cikopaco pali tuzitseko tung'onotung'ono topangidwa na mapuloteni. Twina tumalowetsa cakudya, pamene twina tuli monga mapampu otayila kunja zinthu zoipa. Mankhwala ambili amafunika kulowa mkati na kukhalamo kuti aphe kacilombo. Koma mapampu akakhala amphamvu, amalavula mankhwalawo akalibe kugwila nchito. Tuzilombo twina tumacepetsanso tuzitseko tolowela.

Zimenezi zinadziwika mu 1980, pamene Stuart Levy na anzake pa yunivesiti ya Tufts ku America anapeza kuti kacilombo ka E. coli kamapopela kunja tetracycline. Pambuyo pake kunapezeka mapampu ena amene amataya mitundu ingapo ya mankhwala, osati umodzi cabe.

Munthu akamwa mankhwala ocepa, tuzilombo tofooka tumafa, koma twa mapampu amphamvu tumatsala. Zinthu zikakhala bwino, E. coli amagawikana pawili pa mphindi 20 zilizonse, conco otsalawo sacedwa kuculuka. Coopsa cina n'cakuti tuzilombo tumapatsana luso limeneli, ndipo tumafalikila kwa ena a pa nyumba kupyolela m'manja osasamba na m'madzi akuda. Si thupi la munthu limene limazolowela mankhwala, koma kacilombo.

Kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anaonetsa kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anamwalila cifukwa ca tuzilombo tosamva mankhwala, ndipo vutoli linali lalikulu kwambili mu Africa kum'mwela kwa Sahara.

Conco wodwala ayenela kupita ku kiliniki kukapimidwa, na kumwa mankhwala monga mmene adokotala kapena anasi anenela, osalumpha tsiku. Otsala asapatsidwe kwa mwana kapena kwa aneba. Cimfine cimabwela na mavailasi, ndipo makapisozi sacicilitsa. Oweta nkhuku nawonso asamathile tetracycline m'madzi popanda malangizo a madokotala a ziweto. Mankhwala akasungidwa mphamvu lelo, adzapulumutsa mwana mawa.