Mlonda wa muubongo amene amati 'taimani kaye'

Mayi wasenza ndowa ya madzi, akudutsa pamsewu uku maganizo ali pa ndiwo za madzulo. Mwadzidzidzi galimoto yaliza hutala. Asanaganize n'komwe, mapazi aima chilili. Kodi wawaimitsa ndani?

Akatswiri a zaubongo akuti yankho lili m'zigawo zitatu. Pamwamba pa ubongo pali cortex, komwe kumachokera maganizo ndi malamulo oyendetsa thupi. Malamulowo amatsikira ku striatum, chigawo chimene chimathandiza kusankha zoti thupi lichite ndi zoti lileke. Chachitatu ndi thalamus, imene imalandira uthenga wochokera m'maso, m'makutu ndi pakhungu.

M'chaka cha 2010, Jun Ding ndi James Surmeier pamodzi ndi anzawo a pa yunivesite ya Northwestern ku Chicago, m'dziko la America, adaonetsa mmene zigawozi zimamvanirana. Adagwiritsa ntchito ubongo wa mbewa.

Iwo adapeza kuti thalamus ikachita phokoso, imadzutsa maselo apadera a mu striatum amene amatulutsa madzi otchedwa acetylcholine. Maselowa ndi ochepa zedi, mwina 1 kapena 2 pa 100 alionse, koma mawu awo ndi olemera ngati a nyakwawa pabwalo.

Poyamba acetylcholine amachepetsa mphamvu ya uthenga wa cortex kwa kanthawi kochepa, ndipo zimene munthu amachita zimadukizidwa. Kenaka maselo oletsa kuyenda amakhala tcheru kuposa kale. Ofufuzawo adati mwina umu ndi mmene nyama kapena munthu amasiyira zomwe akuchita kuti aone chomwe chamudzidzimutsa.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja amene ali ndi odwala matenda a Parkinson, omwe dokotala wa ku London, James Parkinson, adawafotokoza mu 1817. Pa matendawa maselo otumiza dopamine ku striatum amafa, ndipo mgwirizano wa dopamine ndi acetylcholine umasokonekera. Mu 2000 ofufuza a ku Sydney adapezanso kuti maselo ambiri a mbali ya thalamus yolumikizana ndi striatum amawonongeka.

Tsono gogo akamanjenjemera manja, kuuma thupi kapena kukanika kunyamula phazi pakhomo, si ulesi, si mowa, komanso si kulodzedwa. Mankhwala monga levodopa sachiza matendawa, koma amachepetsa mavutowa. Chofunika n'kupita nawo kuchipatala msanga.