SIPEYA YA KOMPYUTA: YAMBANI MWAFUNSA MUSANAGULE

MLIMI amene anagulapo unyolo wa njinga adziwa kuti si unyolo uli wonse umene ukwana pa njinga yace. Momwemonso ndi kompyuta ya pa tebulo. Kucokera m'caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta, mabanja a aphunzitsi, a zaumoyo ndi alimi ena akhala akugula makina akale kuti ana aphunzirirepo. Makinawo akayamba kucedwa, mwini wace atenga ndalama za nsawawa kapena thonje kupita nazo ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula sipeya. Cisoni cimabwera pofika kunyumba, sipeyayo ikakana kulowa, ndalama zatha, ndipo sitolo iri kutali.

Cinthu coyamba kudziwa ndi bolodi lalikulu la m'kati, lochedwa motherboard, pakuti ziwalo zonse zilumikizidwa pa ilo. Dzina ndi nambala yace zalembedwa pa bolodi pomwepo. Pa makina a Dell, HP kapena Lenovo, nambala ya mtundu wace ipezeka pa kapepala komatidwa kunja kwa bokosi. Munthu ayenera kulemba nambalayi, kapena kuijambula ndi foni, asanakwere basi.

Kawiri-kawiri cimene cicedwetsa kompyuta ndi kucepa kwa RAM, kumene makina asungira nchito imene ali kugwira pa nthawiyo. RAM iri m'mitundu yosiyana. DDR3 inayamba kugulitsidwa mu 2007 ndipo iri ndi timano 240. DDR4 inabwera mu 2014 ndi timano 288. DDR5 nayonso iri ndi timano 288, koma kampata kace ka pansi kali pa malo ena. Motero mtundu umodzi sulowa pa malo a unzace, ndipo woukakamiza angathe kuthyola bolodi. RAM ya laputopu ndi yaifupi, siigwira m'makompyuta akulu-akulu a pa tebulo. Ndiponso Windows ya 32-bit siingathe kugwiritsa nchito RAM yopitirira 4 GB, ngakhale munthu aikemo yocuruka bwanji.

Caciwiri ndi purosesa, imene iri ngati bongo wa makina. Purosesa ya Intel siikhala pa bolodi la AMD, ndipo ya AMD siikhala pa la Intel. Ngakhale m'kampani imodzi zokhalira zace zisiyana. AMD inatulutsa cokhalira ca AM4 mu 2016 ndi ca AM5 mu 2022, ndipo AM5 ilandira DDR5 cabe. Ici citanthauza kuti wofuna purosesa yatsopano pa makina akale angapezeke kuti afunikanso bolodi latsopano ndi RAM yatsopano. Pamenepo ndi bwino kuwerengera mtengo wa zitatuzo pamodzi ndi kuulinganiza ndi mtengo wa kompyuta ina.

Kwa mabanja ambiri, cosintha copindulitsa koposa ndi kucotsa hadi disiki yakale yozungulira ndi kuikamo SSD. Iyi iribe ciwalo cozungulira, motero makina ayaka msanga. SSD ya cingwe ca SATA igwira pa makina ambiri akale. Koma ya M.2, yooneka ngati kathabwa kakang'ono, ifuna malo ace-ace pa bolodi, amene makina akale alibe. Zithunzi ndi makalata a banja ziyenera kukopedwa pa fulashi nchitoyi isanayambe.

Bokosi logawa magetsi, lochedwa power supply, nalonso lifuna cisamaliro. Magetsi a m'Zambia ndi a mphamvu ya 230 volts. Makina ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Ngati kali pa 115, monga zimakhalira ndi makina ocokera ku America, bokosilo lingathe kupsa pa nthawi yomweyo polumikiza. Makina ena a m'maofesi ali ndi zingwe za magetsi zao-zao, ndipo bokosi lao ndi lopyapyala, kotero kuti khadi lalikulu la zithunzi silikwanamo.

Pali nkhani inanso. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 ifuna RAM yosacepera 4 GB, citetezo cochedwa TPM 2.0, ndipo ngati purosesa ndi ya Intel, kawiri-kawiri ifunika kukhala ya m'badwo wa 8 kapena kuposerapo. Makina akale kuposa apa sayenera kuthirirwa ndalama zambiri. SSD ndi RAM yoonjezera pang'ono zikwanira kuti mwana aphunzirirepo kulemba ndi kuwerengera.

Poika sipeya, azimitse makina, azule cingwe ku khoma, ndipo akhudze citsulo ca bokosi asanagwire ziwalo, cifukwa magetsi a m'thupi la munthu aononga tiziwalo tating'ono. Pogula, apemphe risiti ndi kugwirizana ndi wogulitsa kuti sipeya ikakana ibwezedwa. Ngati kuli kotheka, anyamule RAM yakale kuti akaiyerekeze ndi yatsopano pa sitolo pomwepo. Wosadziwa bwino afunse mphunzitsi wa kompyuta pa sukulu lapafupi. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula.